A Wendell Pelkey ndi Nsungwi Zawo

Kuno kwathu ku Maine, mukafunsa kuti munthu wodana kwambiri ndi nsungwi ndani, aliyense akulozerani nyumba yoyera ya pachitunda, ya a Wendell Pelkey. Timangoti nsungwi, koma si nsungwi zenizeni ayi. Ndi chiudzu chamapesi amphako, chotalika kuposa munthu, chimene anthu akale anachitenga ku Japan ati chokongoletsera pakhomo. Chimang'amba phula, chimatseka ngalande, chimaphimba pakona mpaka woyendetsa galimoto osaona zimene zikubwera. Kachidutswa ka muzu wake kochepa ngati chikhadabo kakagwera padothi, chaka chamawa pamenepo pali tchire.

A Wendell anagwira ntchito ya misewu ya tauni yathu zaka makumi atatu ndi zinayi. Nthawi yozizira ankakankha chipale chofewa ndi chigalimoto chachikasu, chikasungunuka ankakwirira maenje, ndipo kukatentha ankabereka thanki kumsana kukalimbana ndi mdani wawo. Sankapopera chisawawa. Ankadikira Ogasiti, nsungwi zikachita maluwa, chifukwa nthawi imeneyo chomeracho chimayamba kutsitsira chakudya chake kumizu kukonzekera chisanu, ndiye mankhwala opha udzu amatsika nacho limodzi mpaka pansi penipeni. Tchire lililonse la m'tauni muno ankalidziwa pamtima, chaka chimene linamera, tsiku limene analipopera, ndi dzina la mlesi amene analilekerera.

Pakamwa ndiye analibe buleki. Kusitolo ya pamphambano, kumene amuna amamwera khofi m'mawa, ankanena poyera kuti munthu wokhala ndi nsungwi pakhomo pake ndi waulesi basi, kaya akhale ndani. Ngakhale abusa athu anawaimikirapo galimoto pageti Lachisanu lina, nkuwalalikira mpaka munthu wa Mulungu anatuluka ndi khasu. Wina akadandaula kuti mwina mankhwalawo amalowa m'madzi akumwa, a Wendell ankavula chipewa nkumuonetsa dazi.

"Zaka zonsezi ndikupopera, ukuonapo mitu iwiri apa?"

Anthu ankaseka, nkhani nkuthera pomwepo.

Akazi awo, a Noreen, anali munthu wa manja. Novembala akafika ankalowa m'nkhalango kukathyola nsonga za nthambi za paini, nkumaluka nkhata zobiriwira zija timapachika pazitseko pa Khirisimasi. Ankaluka mazana awiri pachaka, wayilesi ikulira, waya ali pakamwa, ndipo waya akaduka ankamutukwana ngati munthu, mawu oti simungawaganizire mayi wa kwaya. Kunkhalango komweko ndi kumene nkhupakupa inawapeza. Zathu kuno si zonenepa zija za pagalu. Ndi tating'ono ngati njere ya fodya, timabwera ndi agwape, ndipo kakakuluma kuseri kwa bondo sukaona. A Noreen sanakaone. Anayamba nkuti ndi chimfine, kenako anati ndi ukalamba, ndipo pamene dokotala ankanena kuti ndi Laimu, nthenda ya nkhupakupa, nkuti patapita miyezi isanu ndi itatu.

Anamwa mapilisi a kuchipatala mwezi wathunthu, nkubwerezanso mwezi wina. Kutentha thupi kunatha. Koma mawondo anakhalabe otupa, zala zinkakana kupinda, ndipo m'mutu munkachita ngati mwalowa nkhungu, moti ankaima pakati pa khitchini atagwira supuni osadziwa chimene akufuna. Dokotala wawo, mayi wosabisa mawu, anati tizilombo tikuoneka kuti tinafa, koma anthu ena ululu umawatsalira nthawi yaitali, ndipo kuwonjezera mapilisi sikungathandize.

Mawu otero ndi amene amadzutsa a Verna Tibbetts. A Verna ndi mnzawo wa a Noreen kuyambira kusukulu, mayi wamasiye wa tsidya lina la msewu, amene nthendayi inawagwirapo nawonso nkuwasiya ndi mabuku odzaza shelefu. Anayamba ndi adyo wosaphika m'mawa uliwonse, mpaka kutchalitchi anthu ankasuntha pabenchi a Noreen akafika. Kenako viniga wa maapozi. Kenako kusamba madzi otentha amchere, ndi kusiya shuga ndi buledi. Tsiku lina anapita nawo kwa mlamu wawo woweta njuchi kuti zikawalume pamsana, ati ululu wa njuchi umathamangitsa ululu unzake. A Noreen anapitako kamodzi kokha, anabwerako akutukwana njira yonse. A Wendell zonsezi sankaletsa. Ankangoyendetsa galimoto nkumati, "Bola musandidyetse ine." Mumtima ankakondwera, chifukwa mkazi amene akutukwana njuchi ndiye kuti sanagonje.

Loweruka lina masana, kumapeto kwa Okutobala, a Wendell anatsikira m'chipinda cha pansi pa nyumba kukatenga botolo la jamu. Kuseri kwa mabotolo anaona lina lalikulu, lamadzi ofiirira, m'katimo muli mizu yoduladula. Khungwa lakuda, m'kati mwachikasu ngati dzungu. Sanafunike kutsegula. Muzu umenewo akanauzindikira ngakhale atawamanga m'maso.

Anakwera nalo nkuliika patebulo. A Noreen anali pampando pafupi ndi chitofu cha nkhuni, bulangeti pamiyendo, nkhope itatuwa. Sabata yonseyo anali akusanza ndi kutsegula m'mimba.

"Amayi, ichi nchiyani?"

"Mankhwala anga. Kabwezeni pomwe mwawatenga."

"Ndikufunsa dzina lake."

"Dzinalo mukulidziwa kuposa ine, Abambo. Mwakhala mukulitukwana zaka makumi atatu."

Ndiye anafotokoza. A Verna anakumba mizu ya nsungwi, nkuiviika mu mowa waukali wa vodika masabata asanu ndi limodzi, monga amachitira anthu ambiri odwala nthendayi. A Noreen anali atamwa kasupuni m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi atatu. Anabisa botolo chifukwa analibe mphamvu zomvera ulaliki.

"Nanga kusanzaku?"

"Verna akuti ndi mmene zimakhalira. Ukayamba kudwala kwambiri ndiye kuti tizilombo tikufa."

Chikhulupiriro chimenechi nchofala pakati pa odwala nthendayi, ndipo chimapsetsa mtima, chifukwa munthu atha kumwa ngakhale parafini nkumathokoza kuti akuchira. A Wendell anaimba foni, ndipo posakhalitsa a Verna anadumpha msewu atavala epuloni, manja ali ndi ufa.

"Verna, mizu iyi unakumba kuti?"

"Pamlatho wa msewu wopita kudzala. Ndipo usandiyang'ane choncho Wendell, ndakuchepetsera ntchito."

"Liti?"

"Kumayambiriro kwa Seputembala. Buku likuti uzikumba masamba akauma, mphamvu ikatsikira kumizu. Matchire ena onse anali adakali obiriwira, koma lija linali litauma kale gwa. Ndinangoti Mulungu wandikonzera."

A Wendell anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Sanaumitse ndi Mulungu, Verna. Ndine. Pa 14 Ogasiti, mathanki awiri."

"Panalibe chikwangwani chochenjeza."

"Timazula pakapita masiku awiri."

A Wendell anatenga botolo lija, koma sanalikhuthulire musinki kapena panja. Analimanga m'pulasitiki nkukaliika kumbuyo kwa galimoto, kuti akalisiye kumene amatayirako zinthu zapoizoni. A Verna, amene mantha anali atawasandukira ukali, anawatsatira mpaka pakhonde.

"Si iwe umati mankhwala akowo alibe vuto? Ukulinyamuliranji ngati bomba?"

A Wendell anatseka galimoto nkubwerera m'nyumba.

Lolemba anapita nawo a Noreen kuchipatala. Magazi anapezeka kuti ali bwino. Dokotala anati kusanzako mwina ndi mankhwala opoperawo, mwinanso ndi muzu womwewo, pakuti nawonso umatsegula m'mimba ukachuluka, ndipo palibe angadziwe. Anati iye sangalonjeze kuti muzuwo umachiza, koma ngati a Noreen akufunitsitsa, upezeke waukhondo, amwe pang'ono, ndipo azibwera kudzayezetsa magazi.

Koma chimene chinathyoka mwa a Noreen sichinali cha m'magazi. Atabwerera kunyumba anasiya adyo, anasiya viniga, anasiya zonse. Anasonkhanitsa waya, mpeni ndi maliboni awo ofiira mukatoni, nkuuza amuna awo kuti akazipereke kutchalitchi, ena azigwiritse ntchito. A Wendell anapita mumzinda nkukagula makapusozi a muzu womwewo. A Noreen anangowakankhira kumbali.

"Ufa uwu anakumba ndani? Pamlatho wa ndani? Ndatopa, Abambo. Ndisiyeni ndikhale."

Sanakweze mawu, ndipo chimene chinawaopsa a Wendell ndi chimenecho. Kapu inagwa nkusweka, a Noreen anangoiyang'ana osaitukwana. Munthu amene anakhala naye zaka makumi anayi anali akuzima pampando iwo akuona, ndipo botolo limene anali ataikapo mtima wake wonse analiwononga ndi iwowo. Panali patatsala masabata atatu kuti nthaka iume ndi chisanu, ikauma khasu silingalowenso mpaka Epulo.

Anaponya fosholo m'galimoto nkuyamba kuzungulira tauni kufunafuna tchire losapoperapo. Kuseri kwa sukulu, anapopera chaka chatha. Kumanda akale, zaka zitatu zotsatizana. Kumtsinje wa kumunsi kwa chigayo chakale, kumalo oimikira maboti, kumpanda wa abusa, paliponse pamene ankaimika galimoto mutu unkawauza tsiku ndi mathanki ake. Matauni oyandikana nawo sakanawakhulupirira, pakuti sankadziwa amene anapopera kumeneko. Masiku atatu anazungulira osatsitsa fosholo. Ntchito anali ataigwira bwino mopitirira muyeso, ndipo ulemu wawo wonse tsopano unali kuwaseka.

Tsiku lachitatu masana anaimika galimoto pakhomo, nkukhala momwemo atagwira chiwongolero. Tchire laukhondo ankalidziwa kuyambira tsiku loyamba lija. Ankangolizemba.

Kuseri kwa shedi yawo yosungiramo zipangizo kunali malata akale oyalidwa pansi, pamwamba pake makapeti otha ndi mulu wa nkhuni. M'chaka cha 1998 a Wendell anabweretsa lole imodzi ya dothi lochokera mungalande ina, kudzakwirira dzenje pamenepo. Chipale chitasungunuka panatuluka timphukira tofiira. Iwo, a Wendell Pelkey, ndi lole yawo, ndi manja awo. Anaphimba msangamsanga, ndipo kuyambira pamenepo masabata awiri aliwonse ankagwada ndi mpeni kudula timene tasuzumira m'mbali mwa malata, nkutiwotcha m'chitofu. Mankhwala sanathirepo ngakhale dontho. Mapazi makumi awiri kumunsi kwake ndi kumene kuli chitsime cha pakhomo.

Analowa m'nyumba chipewa chili m'manja, ngati mlendo wodzapempha malo.

"Amayi, pali chinthu chimene sindinakuuzeni. Muzu waukhondo ulipo, ndipo suli kutali."

"Kuseri kwa shedi, pansi pa malata," anatero a Noreen osatembenuka.

A Wendell anagwira mpando.

"Mumadziwa?"

"Abambo, zovala ndimayanika kuti ine? Chiyambire 99 ndimakuonani mukukwawa ndi kampeni kanu."

"Ndiye bwanji osamuuza Verna akumbe pano, mpaka kukamwa za pamlatho?"

"Verna? Ndikanamuuza Lachinayi, Lachisanu m'mawa kusitolo akanakulandirani ndi m'manja. Munthu mwakalamba ndi dzina limodzi lokha. Ndinati ndisakulandeni."

Manyazi amene a Wendell anawathawa zaka zonsezo anali a kusitolo, a amuna anzawo. Amene anawagwira apa anali ena, owawa zedi. Mkazi wawo anasanza sabata yathunthu pofuna kuwasungira kudzitama kwawo, mankhwala aukhondo ali kuseri kwa nyumba yake yomwe. Misozi inalengeza, ndipo sanaibise.

"Koma chimodzi sindinachimvetse," anatero a Noreen. "Mathanki muli nawo. Bwanji simunapopere nkuthana nazo?"

"Chitsime. Madzi ake mumamwa ndinu."

A Noreen anawayang'ana, pakamwa nkusuntha pang'ono.

"Mitu iwiri ija bwanji?"

A Wendell anangokanda dazi lawo.

M'mawa mwake analowa musitolo nthawi ya khofi, amuna onse alipo. Sanakhale pansi.

"Ndikufuna anthu atatu okhala ndi zitsulo zokumbira. Ndili ndi nsungwi kuseri kwa shedi, chiyambire 98. Ndinazibweretsa ndekha ndi lole. Sekani msanga, tikagwire ntchito."

Kenako a Lyman Crockett, msodzi wokalamba amene a Wendell anawatchulapo kuti mlesi kanayi konse, anatsamwa ndi khofi, ndipo sitolo yonse inaphulika.

"Tabwereza Wendell, khutu langa lakumanzereli silimva bwino."

"Wamva, galu iwe."

"Munthu wokhala ndi nsungwi pakhomo pake ndi chiyani paja?"

"Ndi waulesi. Tenga chitsulo."

Anabwera anthu asanu ndi awiri m'malo mwa atatu, ambiri kudzaona ndi maso awo. Abusa anamva nawonso, ndipo anafika atanyamula khasu lomwe lija, nkulionetsa kwa a Wendell. Atachotsa nkhuni ndi kutukula malata anapeza mizu itapiringizana, ina yonenepa ngati mkono wa munthu, yolimba moti a Lyman anathyola mpini. A Verna anaima pamwamba pa mulu wa nkhuni nkumalamula, koma nthawi ino muzu uliwonse ankayamba aufunsa mwini wake.

"Uwu ndi wabwino, Wendell?"

"Wabwino. Ndaulondera zaka zoposa makumi awiri."

Anatsuka mizu, anaidula, anadzaza mabotolo anayi, nkuwaika pashelefu ya m'khitchini pamene aliyense wolowa angawaone. A Noreen anaonerera zonsezi pawindo, bulangeti lili paphewa.

Mukafunsa ngati muzuwo unawachiza, yankho limatengera amene mwamufunsa. A Verna amalumbira kuti unachiza. Dokotala amati mwina ndi nthawi chabe, pakuti ambiri amapeza bwino pang'onopang'ono ngakhale osamwa kanthu. Mawondo amatupabe kukazizira, ndipo nkhata mazana awiri sizinabwererenso. A Wendell anapuma pantchito chaka chotsatira. Za mitu iwiri sanazinenenso, ndipo pakona imodzi kuseri kwa shedi anasiyapo posaphimba, moti mu Ogasiti maluwa oyera amaonekera kumsewu ndipo odutsa amaimba hutala. Iwo amangokweza dzanja.

Koma tsiku limene amalikumbukira ndi la pakati pa Novembala yemwe uja, mabotolo atatsala ndi mwezi wathunthu kuti apse, a Noreen asanamweko ngakhale dontho. Anali akumwa khofi m'mawa pamene a Noreen anati:

"Katoni yanga ija simunakapereke kutchalitchi. Ili kuseri kwa mpando wa galimoto, pansi pa jekete lanu lakale. Kaitengeni. Ndipo mukandithyolere nthambi, zazifupi, osati mitengo yathunthu ngati mukumanga khola. Masokosi muvale pamwamba pa buluku, sindikufuna odwala awiri m'nyumba muno."

A Wendell anapita kunkhalango, anabwerako ndi mtolo, anauika patebulo nkutuluka kukawaza nkhuni. Pobwera atasenza nkhuni m'manja, chipale chikuyamba kugwa, anaima pakhonde. M'katimo wayilesi inali kulira. Kenako anamva kuti thyo, waya waduka, ndipo mawu a mayi wa kwaya uja anatuluka ndi mphamvu zawo zonse, kutukwana waya, amene anamupanga, ndi sitolo imene inamugulitsa.

Nkhuni zinali zolemera ndipo zala zinali kuwawa ndi chisanu, koma a Wendell sanatsegule chitseko. Anaimabe pomwepo kumvetsera mpaka a Noreen atamaliza.